Kulira kwa Kumbuyo: Za Kusintha Difu ya Galimoto Yakale Pakhomo



Aliyense amene anakwerapo galimoto yakale pa msewu wotsika kuchokera ku Tsangano, kuno ku Ntcheu, itasenza matumba a mbatata ya kachewere ndi kabichi kufikira masipuling'i ake atawongoka, akudziwa kulira kumene ndifuna kukamba lero. Ndiko kulira kochokera pansi, kumbuyo kwa mpando, kumene kumayamba ndi kung'ung'udza chabe, kumakula pamene dalaivala aponda moto, ndipo kumasintha mawu kapena kuleka pamene achotsa phazi. Okwera amangokweza mawu awo kuti amvane. Koma mwini galimoto, akakhala munthu wa khutu, nkhawa imamgwira, pakuti adziwa kuti difu yayamba kutsazika, ndi kuti posachedwa adzayenera kusankha chimodzi mwa ziwiri: kuikokera galimotoyo ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ulendo wa makilomita ngati 150 uku ndi uku, kapena kuyala saka pansi pake ndi kugwira ntchitoyo yekha pabwalo la nyumba yake.

Ine ndinena kuti kuchotsa difu yathunthu ndi kuikapo ina ndi ntchito yotheka pakhomo, ndipo munthu wa masipanala ochepa, wokhala ndi mnzake mmodzi womthandiza kunyamula, akhoza kuiyamba m'mawa naitsiriza dzuwa lisanalowe. Ndinenanso kuti ambiri amene ntchitoyi inawakanika sanagonje chifukwa zitsulozo n'zovuta kumvetsa ayi. Anagonja chifukwa sanawerenge zimene zinayenera kuwerengedwa, ndipo anathamangira pamene panafunika kudekha.

Ndikamba makamaka za Land Rover yakale, ya thupi la aluminiyamu losachita dzimbiri, chifukwa ndiyo imene mapiri athu ano anaizolowera. Galimoto imeneyi inaonekera koyamba m'chaka cha 1948, yopangidwa ku Solihull m'dziko la England, ndipo mtundu wake wotchedwa Series III, umene ukali kuyenda m'manja mwa anthu ena kuno, unapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985, kotero kuti ngakhale yaing'ono mwa zonsezo yafika zaka 40. Zinabwera m'dziko muno ndi ntchito za boma, za apolisi, za alangizi a zaulimi ndi a zankhalango, ndi za mamishoni, pamene misewu yopatuka kunka ku Gowa, ku Nzama kapena ku Kasinje inali yofuna galimoto yokoka ndi matayala onse anayi; ndipo zitakalamba pa ntchitozo zinagulitsidwa pa okishoni, nizilowa m'midzi kukasenza chimanga, odwala ndi maliro. Pambali pake panali Peugeot 404 ndi 504, ndi kabokosi kaja ka Datsun, kamene ku South Africa anapitiriza kukapanga ndi dzina la Nissan 1400 kufikira chaka cha 2008. Zonsezi zimakankhidwa ndi matayala a kumbuyo, ndipo zambiri zimene ndinene zikhudza izonso, ngakhale mabawuti ake ndi osiyana.

Alipo amene adzafunsa kuti, nanga kuvutikiranji ndi chinthu chokalamba chotere, pamene msewu wa M1 wadzaza ndi magalimoto ochokera ku Japan, ma Sienta ndi anzake, osalala ndi osamwa mafuta ambiri? Sindiwanyoza magalimoto amenewo, pakuti atithandiza pa maulendo. Koma ambiri a iwo amakokedwa ndi matayala a kutsogolo, difu yake inabisidwa m'kati mwa giyabokosi, ndipo matenda ake amafuna kompyuta kuti adziwike. Mwini wake ali ndi ufulu woyendetsa, koma ufulu wokonza anamlanda. Galimoto yakale inapangidwa ndi anthu amene anadziwa kuti idzafera kutali ndi galaja, nakonza dala chiwalo chilichonse kuti chimasulidwe ndi manja a mlimi. Umenewo ndi ufulu weniweni, ndipo kundiwawa mtima poona galimoto yotere itakhala pa miyala kuseri kwa nyumba zaka ndi zaka, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wake, chifukwa cha chitsulo chimodzi chomangidwa ndi manati 10.

Tiyambe tamvetsa ntchito ya difu, pakuti wosadziwa ntchito ya chinthu sangadziwe matenda ake. Taganizani ng'ombe ziwiri pa goli limodzi zikukhota kumapeto a munda: ya m'kati imangopondaponda pafupi pomwepo, pamene ya kunja iyenera kutambasula miyendo ndi kuzungulira mtunda wautali, ndipo zitakakamizidwa kuponda mofanana, goli likhoza kuthyoka kapena khosi kupweteka. Matayala awiri a kumbuyo ali chimodzimodzi pa kona iliyonse. Chotero pakati pa ekiselo anaikapo mimba yachitsulo, ndipo m'menemo mphamvu yochokera ku injini, itadzera ku giyabokosi ndi ku puropela, imafikira pa giya yaing'ono yotchedwa piniyoni. Piniyoni imazunguza giya yaikulu imene amakaniko amati kirawuni. Ndipo m'kati mwa kirawuni muli timagiya tina ting'onoting'ono, timene galimoto ikamayenda molunjika timangokhala phee ndi kuzungulira pamodzi ndi nyumba yake, koma ikakhota timayamba kugudubuzika, ndi kulola tayala limodzi kufulumira pamene lina lichedwa. Pamenepo difu yagwira ntchito zitatu nthawi imodzi: yakhotetsa mphamvu yobwera m'litali mwa galimoto kuti ipite m'mbali, yachepetsa liwiro kuti mphamvu ichuluke, ndipo yagawira matayala awiri aja popanda kuwamangirira pamodzi. Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa galimoto ya petulo: Onésiphore Pecqueur, wokonza mawotchi wa ku France, anailembetsa m'zaka za m'ma 1820, ndipo James Starley wa ku Coventry anaiika pa njinga za magudumu atatu m'zaka za m'ma 1870.

Koma chinthu chanzeruchi chili ndi chofooka chake, chimene aliyense amene anatitimirapo m'matope a ku Bwanje nthawi ya dzinja anachiona ndi maso. Tayala limodzi likakhala poterera, limazungulira lokha mwaliwiro, linzake lili pouma osasuntha. Dalaivala wosaleza mtima amaonjezera moto. Timagiya tija, timene tinapangidwa kuti tizigudubuzika pang'ono pa kona, timathamanga pa kamtengo kachitsulo kamodzi kufikira katatentha. Ndipo tayala lozungulira lija likangogwira mwala mwadzidzidzi, mphamvu yonse imamenya pamodzi, nithyola kamtengo kaja, kapena mano a kirawuni, kapena shafuti ya m'mbali. Muonjezepo katundu wopitirira muyeso pa zitunda za ku Tsangano, ndi madzi olowa m'ekiselo powoloka mitsinje monga Livulezi itadzaza, ndi oyilo wosayang'anidwa chaka chathunthu, ndipo mwapeza zifukwa zimene madifu ambiri amafera m'boma lino.

Tsono musanamasule bawuti ndi limodzi lomwe, tsimikizani kuti wodwala ndi difu, chifukwa si kulira konse kwa kumbuyo kumene kuchokera kwa iyo, ndipo alipo amene anagula difu ndi ndalama za mbatata ya chaka chonse, naiika bwinobwino, napeza kulira kukadali pomwepo. Kulira kwa matayala okutha kapena a mapazi akuluakulu kumamveka pa tala, ndipo kumasintha mukapatukira ku msewu wafumbi. Kulira kwa bering'i ya pa gudumu sikusamala ngati mwaponda moto kapena ayi, koma kumakula kapena kuchepa mukakhotera mbali imodzi. Kugogoda konyamuka nako, pamodzi ndi kunjenjemera kwa pansi pa mpando, kawirikawiri kumachokera ku mitanda ya puropela, imene mtengo wake ndi wochepa. Ndipo Land Rover ikangoleka kuyenda injini ikulira bwino, koma niyendanso mukakanikiza kandodo ka mutu wachikasu kolumikiza matayala a kutsogolo, yambani mwasolola mashafuti a m'mbali, pakuti nthawi zambiri imene yaduka ndi imodzi mwa iwo, difu ili bwino. Kulira kwa difu yeniyeni ndi kuja kotsata phazi lanu. Pamenepo khetsani oyilo pang'ono m'mbale yoyera, mumuone padzuwa: akakhala wotuwa, mwalowa madzi, akamanyezimira ndi fumbi lachitsulo, mabering'i akudyeka, mukapezamo zibenthu zogwirika ndi zala, mano athyoka, ndipo mlandu watha.

Kugula difu ina ndiyo mbali imene ndifuna kukhalitsapo, chifukwa ntchito yonse imakoma kapena kuonongeka pamenepo, munthu asanagwire n'komwe sipanala. Yatsopano ndi yosowa ndi yodula. Ambiri adzapita ku Malangalanga ku Lilongwe, kapena ku Ndirande ku Blantyre, kapena kwa mnansi amene galimoto yake inafa ndi matenda ena. Kumeneko mudzapeza madifu otsukidwa bwino, ena opakidwa ndi penti yemwe. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ubwino wake ngwakuti difu ya mtundu uwu ikatuluka m'ekiselo, magiya ake onse amakhala poyera. Tengani choko, mulembe dzino limodzi, muwerenge mano onse mozungulira, osadalira mawu a wogulitsa. Difu ya Series ili ndi mano 47 pa kirawuni ndi 10 pa piniyoni, ndiko kuti puropela imazungulira ka 4.7 kuti matayala azungulire kamodzi. Koma ilipo ina, yochokera mu Range Rover ndi Defender, yofanana nayo maonekedwe ndi yolowa pa mabawuti omwewo, imene ili ndi mano 46 ndi 13, ndiko kuti 3.54. Mukaika imeneyi kumbuyo, kutsogolo kuli yakale ija, galimoto idzayenda bwino pa tala, mwina mudzakondwa kuti yayamba kuthamanga; koma tsiku limene mudzalumikiza matayala onse anayi, a kumbuyo adzafuna kupitirira a kutsogolo, mwamanga ng'ombe ya miyendo yaitali ndi ya miyendo yaifupi pa goli limodzi, ndipo chimodzi mwa zitsulo zapakati chidzathyoka. Werenganinso timizere ta m'mabowo olowamo mashafuti: zakale zili ndi 10, zatsopano 24, ndipo shafuti ya mtundu wina silowa m'bowo la mtundu wina ngakhale muimenye ndi hamala. Nzeru ndiyo kunyamula shafuti yanu popita kumsika, kuti muiyese pomwepo.

Mukatha kuwerenga, zunguzani ndi dzanja pomangira puropela, mumve ngati ikuyenda mosalala popanda kugwiragwira. Muikankhe ndi kuikoka, isagwedere. Muyang'ane dzino lililonse ngati lili ndi mng'alu kapena timaenje. Onaninso pothirira oyilo: pa magalimoto ena akale chotsekera chake chili pa difu penipeni, pa ena chili pa mimba ya ekiselo, ndipo munthu akhoza kumanga zonse bwino, nazindikira pomaliza kuti alibe pothirira. Chenjezo lina ndi la inu a Land Rover yaitali, ya mainchi 109. Zambiri za Series III zazitali zili ndi ekiselo ya kumbuyo yotchedwa Salisbury, imene mudzaizindikira ndi chivundikiro chomangidwa ndi mabawuti kumbuyo kwake. Difu ya m'menemo situluka yathunthu monga ndikufotokozamu, ndipo kuichotsa kumafuna chida chokanulira mimba ya ekiselo. Imeneyo musaiyambe pakhomo. Ikafa, n'kwapafupi kusintha ekiselo yonse.

Tsopano tafika pa tsiku la ntchito, ndipo pano ndipempha kuti amene akumvera ndi khutu limodzi atchere onse awiri, chifukwa ndikamba za moyo wa munthu. Handibuleki ya Land Rover yakale sigwira matayala. Imagwira puropela, kumbuyo kwa giyabokosi. Tanthauzo lake ndi lakuti nthawi imene mwamasula puropela, kapena mwasolola shafuti imodzi ya m'mbali, handibuleki ija ilibenso chogwira kumbuyo, ndipo giya imene mwasiyamo ilibenso mphamvu pa matayala amenewo. Galimoto ili yomasuka kugubuduka, inu muli chagada pansi pake. Makomo ambiri a kuno ku Ntcheu ali pa zitunda, ndipo bwalo looneka lathyathyathya limakhala ndi kotsetsereka kake kosaoneka ndi maso. Chotero sankhani malo olingana ndi olimba, muike zipika zazikulu kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala onse anayi, muikankhe galimotoyo ndi phewa kuti muone ngati isuntha, ndipo pokhapo mulowe pansi. Mwayi wake ngwakuti pa Land Rover kulemera kwa galimoto kumasenzedwa ndi mabering'i a pa gudumu, shafuti imangozunguza, kotero kuti ntchito yonse itheka matayala ali pansi. Pa Datsun ndi Peugeot muyenera kukweza ndi kuchotsa matayala. Ndipo pamenepo ndikudandaulirani, jeke ndi yokwezera chabe, si yogonera pansi pake, ndipo njerwa, ngakhale zowotcha, zimaphwanyika mwadzidzidzi popanda kuchenjeza. Ikani zitsulo zochirikizira, kapena zipika za mtengo wolimba zogoneka chopingasa. Tsoka silinunkha. Ana aang'ono akhale kutali, ndipo pasakhale munthu wokwera m'galimoto kukasewera ndi chiwongolero.

Yambani ndi kutsuka matope onse ozungulira difu, kuti mchenga usagwere m'kati. Kenaka masulani chotsekera cha pothirira oyilo musanamasule cha pokhetsera, pakuti chikakana kumasuka n'kwabwino kuchidziwa oyilo akadali m'kati. Oyilo wakudayo mumulandire m'chigubu, asathiridwe pansi kapena pafupi ndi chitsime. Lembani chizindikiro pamene puropela ikumana ndi difu, mumasule mabawuti ake anayi, muimangirire m'mwamba ndi waya kuti isalendewere. Apa pafunika sipanala ya 9/16, pakuti galimotoyi inamangidwa ndi miyeso ya mainchi. Ya mamilimita 14 imathina, ya 15 imakhwepa nidya makona a nati, ndipo nati yodyeka makona imasandutsa ntchito ya mphindi zochepa kukhala ya tsiku lonse. Mukatero pitani ku magudumu: pakati pa lililonse pali mabawuti 6, ndipo mukawachotsa shafuti imasololoka pamodzi ndi chomangira chake. Ya kumanja ndi yaifupi, ya kumanzere ndi yaitali. Zigonekeni pa pepala loyera, muyang'ane timizere ta kumapeto kwake. Tikakhala topotoka, shafutiyo yatsala pang'ono kuduka, ndipo kuibwezera pa difu yabwino ndi kudziikira msampha. Ikakhala kuti inaduka kale, kachidutswa kotsalira m'kati katulutsidwe poyamba, ndi waya wolimba wopinda kumapeto kapena ndi kachitsulo kakatali kolowetsera mbali inayo, chifukwa kakhoza kutsekereza difu kuti isatuluke.

Atsala ndi manati 10 aja ozungulira difu. Masulani onse, koma awiri a pamwamba muwasiye atagwira pang'ono, kuti chitsulocho chisakugwereni pamene chilekana ndi ekiselo. Chigogodeni m'mbali ndi chipika, osakhoma tchizulo pakati pa nkhope ziwirizo, pakuti chilonda cha tchizulo chidzadontha oyilo masiku onse. Kulemera kwake kumapitirira makilogalamu 20, ndipo kwa munthu wogona chagada, manja ali m'mwamba, kulemera kotere n'kokwanira kuthyola chala kapena nthiti. Mutu umodzi susenza denga: wina agwire uku, wina uko, muitsitsire pa thabwa.

Chimene chitsatira ndicho chimene aulesi amachidumpha, ndipo ndicho chimapha difu yachiwiri. Zibenthu zonse za mano othyoka zili m'mimba mwa ekiselo, zina zinathawira m'mipope ya m'mbali. Tsukani ndi parafini, mupititse nsanza yomangirira ku ndodo m'mipope yonse iwiri, muyendetsemo maginito, ngakhale ochotsa ku sipika ya wailesi yakufa, kufikira atatuluka oyera. Palani gasiketi yakale yonse. Yatsopano ikasowa, idulidwa kuchokera ku pepala lolimba: muligoneke pa nkhope ya difu, mugogode pang'onopang'ono m'mphepete ndi m'mabowo ndi kahamala, ndipo lidzadzidula lokha mwa muyeso wake. Pakani girizi pang'ono, mukweze difu awiriwiri, muilowetse molunjika, ndipo pomanga manati musayende mozungulira. Mangani iyi, kenaka ya kutsidya kwake, pang'onopang'ono, kubwereza kawiri kapena katatu, kuti nkhope zikhalane mofanana. Mashafuti alowe ndi dzanja. Akakana, zunguzani pang'ono pomangira puropela kufikira timizere titakumana, ndipo hamala ikhale kutali. Bwezerani puropela pa chizindikiro chake, ndi manati atsopano ngati alipo.

Za oyilo ndinenetse, chifukwa ndaona anthu akuthira wa injini, ena wotsala pokhetsa, poganiza kuti oyilo ndi oyilo. Mano a difu amatsinana ndi mphamvu yaikulu kwambiri, ndipo oyilo wopyapyala amafinyidwa kuchoka pakati pawo, chitsulo nichidya chinzake. Wofunika ndi wa magiya, wolembedwa EP90, wa fungo lake lija losaiwalika. Land Rover imamwa pang'ono kuchepera malita awiri, ndipo muyeso wake ndi wosavuta: thirani galimoto ili polingana kufikira atayamba kubwerera pa bowo lothirira. A Peugeot 404 ya mipando achenjere mwapadera, popeza zambiri mwa izo zili ndi difu ya mtundu wina, ya giya yaikulu yamkuwa yozunguzidwa ndi chitsulo chopota, ndipo mankhwala a mu oyilo wina wa magiya amadya mkuwa. Iwo afunse kwa makaniko wachikulire amene anazigwirapo, pakuti safunsa anadya phula. Pomaliza, pamwamba pa ekiselo pali kabowo kopumira, kamene matope amakatseka. Kakatsekeka, mpweya wotentha wa m'kati umakankhira oyilo kunja kudzera m'masilo, nanyowetsa mabuleki. Ndipo ekiselo yotentha ikalowa m'madzi ozizira imayamwa madziwo. Kamasuleni, mukatsuke, mukapemerere ndi pakamwa kuti muone ngati mpweya ukudutsa. Ndi kanthu ka mphindi zisanu, koma madifu ambiri anafa chifukwa cha iko.

Pali malire amene mwini galimoto ayenera kuwadziwa, ndipo kuwadziwa ndi mbali ya umisiri womwewo. Kusintha difu yathunthu ndi ntchito ya pakhomo. Kuiphwasula m'kati ndi kusintha kirawuni, piniyoni kapena mabering'i ake si ntchito ya pakhomo. Kirawuni ndi piniyoni zimapalidwa pamodzi ku fakitale kuti mano ake azolowerane, ndipo sizisiyanitsidwa; wotenga kirawuni ya uku ndi piniyoni ya uko wapanga chinthu cholira kuyambira tsiku loyamba. Mpata wa pakati pa mano ake ndi wochepa zedi, ngati gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita, ndipo kuya kwa piniyoni kumakonzedwa ndi timawashala topyapyala. Zimenezi zimafuna wotchi yoyezera, utoto wopaka pa mano kuti aoneke pamene akukhudzana, ndi dzanja lozolowera. Amisiri otere akadalipo, ena anaphunzira m'masukulu a ntchito zamanja, ena pa magalaja a boma kalelo. Koma akutha ndi ukalamba, ndipo achinyamata ambiri olowa umakaniko lero akukula osatsegulapo difu ndi imodzi yomwe. Ubwino wa difu yochotseka ndi womwewo: simukokanso galimoto yonse kunka nayo kwa mmisiri, mumangoikulunga m'saka, nimukwera nayo minibasi.

Chifukwa cha kutha kwa amisiri kumeneku, ndipempha abambo ndi amalume amene mudzagwira ntchitoyi kuti wothandiza wanu akhale mwana wa pakhomo wosinkhuka, wamwamuna kapena wamkazi, ndipo asakhale wongopatsira masipanala. Mpatseni choko awerenge yekha mano 47 aja. Agwire shafuti imodzi pamene inu muzunguza inayo, aone ndi maso ake timagiya tija tikugudubuzika. Mumfunse chifukwa chake mwaika zipika pa matayala handibuleki ili yokoka. Zimene aphunzira m'kalasi za kugawa manambala adzazipeza m'manja mwake pamene agawa 47 ndi 10, ndipo tsiku lina galimoto ikadzakuferani, inu mulibe mphamvu zogona pansi, padzakhala wodziwa poyambira.

Zonse zikamangidwa, chotsani zipika pomalizira penipeni, mutayesa handibuleki. Ulendo woyamba ukhale waufupi ndi wopanda katundu, mazenera ali otsegula, wailesi ili yotseka. Yendani pang'onopang'ono, mukhote kumanja ndi kumanzere, muponde moto ndi kuchotsa phazi, mukumvetsera. Mukayenda makilomita angapo imani, mugwire mimba ya ekiselo ndi dzanja: kufunda n'kwabwino, koma ikatentha kosagwirika, bwererani. Pa msewu wafumbi, osati pa tala, lumikizani matayala onse anayi, muone ngati galimoto ikuyenda momasuka ndi kulekananso mosavuta. M'mawa mwake suzumirani pansi ngati padontha, mubwereze kumanga manati ndi mabawuti a m'magudumu. Ndipo popeza difu yogula kumsika simudziwa kumene inagona, khetsani oyilo woyambayo pakapita milungu yochepa, mumuonenso padzuwa, nimuthire wina.

Difu yakale ija musathamangire kuigulitsa kwa ogula zitsulo pa sikelo, amene adzakupatsani mtengo wa kulemera kwake chabe. Kawirikawiri chimene chafa ndi chimodzi, zina zonse zili zamoyo: nyumba yake, pomangira puropela, timagiya ta m'kati, mwina kirawuni ndi piniyoni zomwe. Itsukeni, muipake oyilo, muikulunge, muisunge pouma. Pakuti pa Land Rover yaifupi difu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo n'zamtundu umodzi, ndipo mmisiri wabwino akhoza kupanga imodzi yamoyo kuchokera ku ziwiri zakufa. Ekiselo yathunthu ikafika posakonzekanso, owotcherera ngolo amaifuna, ndipo amalipira bwino kuposa a sikelo.